Mapedulo Ofiira Panjira ya ku Mtenguleni

Ndinanyamuka tsiku Loweruka m'mawa, m'masiku a Chitaganya, Chipata akadatchedwa Fort Jameson ife tikungoti ku Boma. Ndinkapita kumudzi wina wa kuseri kwa Mtenguleni kukatenga mkazi wanga Enelesi. Ndikati "kukatenga" ndikudzikometsera chabe, chifukwa kwenikweni ndinkapita kumlandu. Kalata ya apongozi anga aamuna, a Miti, inali ya mizere iwiri: "Mufike Loweruka dzuwa lisanafike paliwombo. Mukapanda kufika tidzadziwa kuti banja mwalisiya."

Mlandu wake unali wotere. Ine ndinali kalaliki pa ofesi ina yogula fodya, mwamuna wa tayi ndi wotchi, wokhala m'nyumba ya simenti yomwe inkapakidwa polishi kawiri pamlungu. Tsiku lina apongozi anga aakazi anabwera kudzationa. Anayenda wapansi tsiku lathunthu, dengu la ufa pamutu, nkhuku m'khwapa. Atafika pakhomo, ine ndinauza Enelesi, mokweza mawu, kuti ayambe wawatsukitsa mapazi asanaponde simenti yanga. Mayi aja anakhala pakhonde, anadyera pakhonde, anagona kukhitchini, ndipo m'mawa mwake anabwerera kwawo mwana wawo ali pambuyo. Inatsala nkhuku yokha, ndipo ndinaidya.

Panapita miyezi iwiri. Ndinene poyera, Enelesi ndinkamukonda ndipo ndinamusowa kwambiri. Koma uchitsiru suchoka ndi njala ya miyezi iwiri. Basi inalipo, masheleni atatu basi, ndipo nkhoswe yanga, amalume a Gidiyoni, anakwera imeneyo dzulo lake. Ine ndinati kalaliki satsika m'basi pamodzi ndi mbuzi ndi matumba a mchere. Ndikafika pa njinga yanga yakuda, kuti Angoni aone mtundu wa mwamuna amene mwana wawo akufuna kutaya. Vuto linali limodzi: mphira za mapedulo anga akale zinali zitaperepeseka, zosayenera kuonekera kwa apongozi.

Hafu pasiti sikisi ndinali pa sitolo ya mmwenye wina kumashopu a kumunsi, akungotsegula kumene. Anaika mapeyala awiri pa kauntala.

"Awa achitsulo, masheleni asanu ndi awiri. Udzafa iwe, iwo alipo," anatero. "Awa afika chatsopano kuchokera ku Sozibele. Pulasitiki. Masheleni asanu ndi anayi."

Achitsulo aja anali otuwa, olemera, a mano ngati sowo. Ndinawayang'ana n'kuganiza za nsapato zanga zatsopano zachikopa, momwe mano amenewo akanazikukutira pansi. Koma enawo, abale inu! Ofiira psuu, osalala, opepuka, onyezimira mpaka kuoneramo nkhope. Masiku amenewo pulasitiki tinkangomuona pa zipeso ndi pa makapu a ana a azungu. Munthu wopondapo phazi m'Boma monse munalibe. Sindinafunse kuti olimba ndi ati. Ndinafunsa kuti, "Wina wagulako kale?" Mmwenye atati ayi, ndinatulutsa ndalama.

Kuseri kwa sitolo, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala a Saidi okonza njinga, Myao wochokera ku Nyasaland. Anawatembenuzatembenuza mapedulo aja m'manja, n'kugogoda limodzi ndi sipanala.

"Achimwene, ulendo ngwakuti?"

"Kuseri kwa Mtenguleni."

"Iii! Awa ngoyendera kuchoka ku positi ofesi kufika kumsika, nako kukakhala kopanda mphepo. Bwererani mukasinthe, mmwenyeyu ngwabwino, sakana. Chikomekome cha mkuyu, achimwene."

"Inu mangani," ndinatero. "Ntchito yanu ndi sipanala, za fashoni tisiyireni ophunzirafe."

Anamanga, analandira sikisipensi yake, n'kunditsanzika kuti, "Muyende bwino, bwana wa fashoni."

Seveni koloko ndinali pa msewu wa ku Lusaka. Phula linkathera pomwe pankathera nyumba za azungu, ndipo kuchokera pamenepo msewu unali wa mizeremizere ngati lata, wogwedeza munthu mpaka mano kuluma lilime. Ankatiuza kuti Chitaganya chabwera ndi chitukuko. Msonkho wathu wa mutu ndi wa njinga unkapita kummwera ku Sozibele, likulu la Chitaganya, kukamanga misewu ya eni ake, ife n'kutitumizira mapedulo ofiira. Koma m'mawa umenewo sindinadandaule. Anthu opita kumsika ankaima n'kutembenuka, maso ali kumapazi kwanga. Ndinkapalasa mwadala pang'onopang'ono kuti aonetsetse.

Eyiti koloko ndinafika pa mtsinje wa Lutembwe. Mvula yoyamba inali itagwa Lachisanu, ndiye potsikira kumlatho panali matope. Amayi atatu ankagulitsa thobwa ndi mbatata yootcha pambali pa msewu. Ndinatsika, ndinagula chipanda cha thobwa cha kobiri, ndipo njinga ndinaimika moti dzuwa liwombe bwino pa mapedulo.

"Bambo, zofiirazo zimadyedwa?" anafunsa mmodzi, mayi wa mpango wobiriwira.

"Ameneyu ndi pulasitiki, mayi. Wochokera ku Sozibele."

"Oo. Ine ndimayesa maswiti."

Ndinakwera mwaulemu wonse, osadziwa kuti nsapato zanga zatola dothi lonyowa. Chikopa chonyowa pa pulasitiki wosalala ndi therere lenileni. Nditangoponda mwamphamvu, phazi linapulumuka, pedulo linazungulira n'kundikhoma pa msongolo, ndipo ine ndinakhalira mtanda wa njinga ndi malo omwe sindingawatchule m'buku. Ndinaona nyenyezi usana. Amayi aja anayamba ndi "Pepani, bambo, pepani," koma wa mpango wobiriwira analephera kupirira, anagwira m'mimba n'kukhala pansi. Ndinapukuta nsapato ndi udzu, n'kuchokapo osacheuka.

Kuyambira pamenepo ndinkapalasa mochenjera, zala za kumapazi zitakwinyika m'kati mwa nsapato. Cha m'ma hafu pasiti naini ndinafika pa chitunda china tisanafike ku Madzimoyo. Munthu wanzeru akanatsika n'kukankha. Koma m'munda wa pambali munali anthu akubzala chimanga, ndipo kalaliki sakankha njinga anthu akuona. Ndinaimirira pa mapedulo, thupi lonse pa mwendo wamanja. Ndinangomva kuti thyo! Pedulo lamanja linagawanika pakati, zidutswa zinamwazikira mumsewu, ine n'kukagwera m'ngalande tayi ili kumsana. Obzala aja anasiya makasu. Wina anafuula kuti, "Mwafika, bwana?"

Panatsala kachitsulo kapakati kokha, kozungulira, konenepa ngati chala. Ndinayesa kupitiriza ndi pedulo limodzi, koma nsapato inkangotsetsereka pa kachitsulo kaja, ndiye mphamvu zonse ndinkazitsira kumanzere. Lamanzere nalo linapirira mailosi imodzi ndi theka. Kenaka linayamba kulira ngati mbewa, ndipo kota pasiti teni linatsatira mbale wake. Ndinaima pakati pa msewu ndi njinga ya zitsulo ziwiri zamaliseche. Kumudzi kunatsala mamailosi asanu ndi awiri.

Apa mantha anandigwira enieni. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana dzuwa, ndipo zonse zinkanena chimodzi. A Miti sanali munthu wobwereza mawu. Ndinaona m'maganizo anthu akubalalika pabwalo, amalume akupukusa mutu, Enelesi akulowa m'nyumba ya amake osadzatulukanso chifukwa cha ine. Lole ya mzungu wina wolima fodya inatulukira, ndinaimika ndi manja onse awiri, tayi ndinaikonza kuti aone kuti ndine munthu wa ofesi. Dalaivala sanachepetse n'komwe. Anangondithira matope kuyambira m'mawondo mpaka m'chifuwa.

Pambuyo pake panabwera bambo wina wa imvi pa njinga yakalekale, matumba awiri a mtedza pakaliyala. Anaima, anayang'ana njinga yanga, anayang'ana ine.

"Chavuta n'chiyani, mwanawe? Tcheni?"

"Mapedulo athyoka, bambo."

"Nanga si awo alipo?" Analoza zitsulo zija. Ndinayang'ana njinga yake, ndipo nayonso inali ya zitsulo zokhazokha, zosalala ndi ukalamba. "Yangayi mphira zinatha nkhondo isanathe. Vula nsapato. Chitsulo chimafuna phazi, uchigwire ndi pakati pa phazi, chomwechi."

Anandionetsa phazi lake. Linali lolimba ngati khungwa la mtengo, loti munga ukalasa umathyoka wokha. Langa linali litakhala m'masokosi zaka khumi, lofewa, lotumbuluka. Koma ndikanatani? Ndinavula nsapato ndi masokosi, ndinamanga zingwe zake pamodzi n'kuzikoleka pa handulo. Bambo uja anayang'ana mapazi anga kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Mulungu akuthandize," ndipo anapita ndi mtedza wake.

Mamailosi amenewo sindidzawaiwala. Oyamba awiri chitsulo chinkangowawa. Achitatu chinatentha ndi dzuwa n'kuyamba kuwotcha. Matuza anatuluka, anaphulika, ena anatuluka pansi pa ophulikawo. M'mbali mwa zitsulo munatsalira tizidutswa ta pulasitiki takuthwa, ndipo timeneto tinkandicheka pa kupalasa kulikonse. Ndinatukwana mmwenye, ndinatukwana Sozibele ndi Chitaganya chake, ndinatukwana a Saidi chifukwa chosandikakamiza. Mwini uchitsiru yekha ndiye ndinamusiya. Ndinalira, inde, misozi yeniyeni, ndipo ndinayamika kuti msewu unali wopanda anthu.

Hafu pasiti leveni ndinapatuka pa Mtenguleni n'kulowa kanjira ka kumudzi. Kanali ka mchenga, ndipo mapazi anakana kukweranso chitsulo. Ndinayesa kuvala nsapato kuti ndikalowe m'mudzi ngati munthu, koma mapazi anali atatupa, osalowa ngakhale theka. Ndinazikolekanso, n'kuyamba kukankha njinga, ndikutsimphina miyendo yonse iwiri. Mchenga unali wotentha. Ndinatulukira pa mudzi wa a Miti kutatsala mphindi khumi kuti ikwane thwelofu.

Akuluakulu anali atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi khola la ng'ombe, amayi chapatali pa mphasa. Amalume a Gidiyoni anali ataimirira, dzanja pamphumi, akuyeza dzuwa. Atandiona, bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Ine ndinadziwa kuti ndatha: matope, magazi, tayi yopotoka, nsapato zili lendelende pa handulo. Ndinkangodikira kuti wina ayambe kuseka.

Sanaseke. Mkulu wina anavula chipewa n'kunena chapansipansi kuti, "Abale, taonani."

Pano ndifotokoze. Kumeneko mkamwini salowa m'mudzi wa apongozi ali pa njinga. Amatsikira kunja kwa mudzi n'kulowa wapansi. Ine zaka zitatu zonse ndinali ndisanachitepo zimenezo. Ndinkapalasa mpaka pakhomo, fumbi n'kumagwera pa ufa woyanika, ndikatero n'kudikira mpando. Ndiye lero anthu aja anaona kalaliki yemwe uja akubwera wapansi, akukankha njinga, ndipo koposa zonse, wopanda nsapato, pa mlandu wonyoza mapazi a apongozi ake. Njinga sanaiyang'ane n'komwe, popeza za m'mudzimo pafupifupi zonse zinkayendera zitsulo zomwezo.

"Nsapato mwavulira kuti, mwana wanga?" anafunsa a Miti.

"Nditangopitirira ku Madzimoyo, bambo."

Sindinaname. Bwalo linang'ung'udza: "Ku Madzimoyo! Kutali konseko!" Wina anabweretsa mpando, koma unali mapazi khumi kuchokera pomwe ndinaima, ndipo zilonda zinakana kuti ndipondenso. Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo. Kung'ung'udza kunakula. Amalume a Gidiyoni anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

Kenaka a Miti anaitana: "Enelesi, mlendo wafika ndi katundu." Mwambo wake ngwakuti mkazi akalandira njinga ya mwamuna wake ndiye kuti mlandu ungakambidwe. Akakana kudzuka, palibenso chokamba. Enelesi anadzuka pa mphasa mochedwa. Anali atanenepa pang'ono, atavala nsalu yabuluu yomwe sindinamugulire ine. Anagwada, anagwira mahandulo, ndipo poimirira maso ake anagwera pansi. Anaima. Anawerama, n'kutokosa ndi chikhadabo kachidutswa kofiira komwe kanatsalira pa chitsulo. Anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Anakafumbata m'manja n'kukankhira njinga kuseri kwa nyumba.

M'thumba ndinali ndi mapepala atatu a mawu omwe ndinakonza mlungu wathunthu, ofotokoza za ukhondo wa m'tauni ndi mtengo wa polishi, ndi Chingerezi apo ndi apo. Anali atanyowa ndi thukuta, ndipo kukhosi kunali kouma gwa. A Miti atandipatsa mpata, panangotuluka mawu amodzi: "Ndinalakwa." Ndinayesa kuwonjezera, koma panatuluka chifuwa.

Apongozi aakazi anayankhira chapatali, nkhope atatembenuzira kumbali monga mwa ulemu wake. "Ine ndilibenso mawu. Njira imene ndinayenda ine, nayenso waimva ndi mapazi ake. Mwanayu abwerere kunyumba kwake." Amayi analuluta. A Miti anatembenukira akamwini awo ena awiri omwe anali pomwepo n'kunena kuti, "Mwaona inu? Munthu wasukulu uyu. Kupepesa ndi kumeneku." Anyamata aja anandiyang'ana ndi diso loti tidzakumana.

Kuseri kwa nyumba Enelesi anandikhazika pa mtondo wogona, n'kubwera ndi beseni la madzi ofunda. Anathiramo mchere wodzaza dzanja, ndikuona, osati katsinidwe ayi.

"Anali okongola?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Musandiyese mwana, a Phiri." Anatambasula dzanja, kachidutswa kaja kali pachikhatho.

"Anali ofiira," ndinatero.

"Achitsulo kunalibe?"

"Analipo."

"Otchipa anali ati?"

"Achitsulo."

Anamiza phazi langa m'beseni n'kulipanikiza. Ndinaluma tayi kuti akuluakulu asamve.

"Atate aona mapazi, ine ndaona njinga," anatero. "Mukanagula achitsulo, bwenzi mutafika teni koloko, nsapato kuphazi, fumbi pa ufa wa amayi, mapepala m'manja. Ndipo ine ndinali nditawauza kale dzulo kuti mukabwera choncho sindidzuka pa mphasa."

"Uwauza?"

"Ndiona. Bweretsani linalo."

Tinanyamuka Lamulungu m'mawa, mapazi anga atakulungidwa ndi nsanza. Amalume anatsala kudikira basi ya Lolemba. A Miti anatiperekeza mpaka kunja kwa mudzi, akundigwira paphewa, ndipo ine ndinkangoyang'ana pansi. Titafika pa msewu waukulu ndinaika phazi pa chitsulo, n'kulichotsa msangamsanga ngati ndaponda khala la moto. Enelesi anamangirira kamtolo kake pa handulo, anakwinda nsalu, n'kundilanda njinga.

"Ine ndinaphunzirira pa ya atate, ya zitsulo ngati zomwezi. Kwerani kumbuyo."

"Ine? Pakaliyala?"

"Kapena mutsale, mudzabwere ndi amalume."

Ndinakwera. Enelesi ankapalasa bwino kuposa ine, osagwedezeka ngakhale pa mizeremizere paja. Pa zitunda tinkatsika, iye akukankha, ine ndikutsimphina pambuyo. Pa chitunda china anaima kupuma, thukuta likutsika m'khosi, n'kunena osandiyang'ana: "Inu mwalira ndi mamailosi asanu ndi awiri. Amayi anayenda msewu wonsewu ndi dengu pamutu, kuti akuoneni inu." Pabwalo paja ndinati ndinalakwa chifukwa mawu ena anakana kutuluka. Apa ndi pomwe manyazi anandigwira enieni, ndipo ndinapepesanso, tsopano ndikudziwa chomwe ndikunena. Iye anangondipatsa chigawo cha mbatata yophika yomwe amake anamumangira.

Achinyamata akamandifunsa lero kuti abwino ndi ati, achitsulo kapena apulasitiki, ndimawauza kuti gulani achitsulo, ndipo ineyo sindinaguleponso ena. Koma ndimanena ndi theka la pakamwa. Achitsulo akanandifikitsa pa nthawi yake ndili yemwe uja, ndipo ndikanabwerera ndekha. A Miti anamwalira patapita zaka zambiri akunditamabe, ndipo akamwini a m'mudzi umenewo anavula nsapato kangapo konse chifukwa cha ine, akunditukwana chamumtima. Sindinawauze zoona. Ndinalibe mtima wolimba choncho.

Tinafika pomwe phula limayambira cha m'ma wani koloko, nthawi yomwe matchalitchi amaweruka. Msewu unali wodzaza ndi anthu ovala bwino, ndipo patsogolo ndinazindikira makalaliki anzanga awiri ndi akazi awo. Ndinakoka nsalu ya Enelesi.

"Ima pang'ono, nditsike. Kuno ndiyenda wapansi."

"Mukatsika pano, a Phiri, ine ndikhotetsa njingayi. Ndikafika kwa atate dzuwa lisanalowe, ndipo kachidutswa kaja ndili nako pa mfundo ya nsalu."

Sindinatsike. Ndinalowa m'Boma nditakhala pakaliyala, mapazi a nsanza ali lendelende, manja atagwira m'chiuno mwa mkazi wanga. Anthu anali atapatuka kale, njira ili yoyera, koma Enelesi analiza belu kuyambira pamenepo mpaka pakhomo pathu.